Bwanji dera la Blantyre Kabula silinkasunga phungu?

Wowerenga wina wa ku Mbayani wafunsa kuti: "Ndakhala ndikuvota kuno kuyambira 2009. Chisankho chilichonse timasankha phungu watsopano, koma pa mtsogoleri wa dziko anthu omwewo sasintha. Bambo anga amati kale kuno kunali kwa UDF yokhayokha. Ndiye mu 2025 tinangouzidwa kuti dera la Blantyre Kabula kulibenso. Mbiri ya dera lathuli ndi yotani, ndipo vuto ndi aphungu kapena ife ovota?"

Achimwene, zimene mwaonazo n'zoona, ndipo bambo anu sananame. Koma sindikuvomereza zimene ena amanena zoti anthu a ku Mbayani, Chemusa ndi Chirimba ndi osakhazikika maganizo. Munthu akalowa m'kachipinda kovotera amayankha mafunso awiri osiyana. Pa pepala la mtsogoleri wa dziko amadzifunsa kuti ndi chipani chiti chimene angachidalire ndi dziko lonse. Pa pepala la phungu amadzifunsa kuti munthu ameneyu anamuona liti komaliza, ndipo msewu wa kwawo uli bwanji. Mbiri ya dera lanu imaonetsa kusiyana kumeneku poyera kuposa madera ambiri.

Tiyambe ndi nthawi imene bambo anu anali mnyamata. Mu 1964, 1971 ndi 1976 anthu sanaponye voti ya phungu, chifukwa oimira MCP onse ankalowa popanda wopikisana naye. Mu 1978 ndi pamene Amalawi anavoteranso aphungu koyamba chichokereni 1961, koma opikisana onse anali a chipani chimodzi. Mayina ankachokera ku misonkhano ya chipani m'maboma, n'kukavomerezedwa ndi Dr. Kamuzu Banda, ndipo wofuna kuima ankayenera kusonyeza kuti Chingerezi amachidziwa. Ngakhale mpata unali wochepa chonchi, aphungu ambiri amene anali kale m'Nyumba ya Malamulo anagwa mu 1978, ndipo zinachitikanso mu 1983. Mfundo imeneyi muigwire, chifukwa ikusonyeza kuti kuchotsa phungu sikunayambe ndi demokalase. Pamene munthu sankatha kukhudza wamkulu wa pamwamba, mkwiyo wake wonse unkathera pa phungu, yemwe anali yekhayo amene voti ikanamufika.

Blantyre ndi umene unali mzinda wa mafakitale, ndipo kusintha kwa ndale kunamveka msanga m'makomboni mwake. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, sipanapite miyezi iwiri yathunthu sitalaka ya ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead inafalikira mumzinda n'kusanduka zipolowe zimene zinaphetsa anthu ambiri. Anthu a m'mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba ankakhala m'malo ngati kwanuko. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene nyali inapikisana ndi tambala wakuda, pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse m'dziko muno anasankha zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana, ndipo mwa mipando 177 UDF inatenga 85, MCP 56, AFORD 36. Mipando ya UDF yambiri inali ya kummwera. Imeneyi ndiyo nthawi imene bambo anu akunena, pamene nsalu yachikasu yokha inali yokwanira kumulowetsa munthu m'Nyumba ya Malamulo.

Malire amene inu mwakula mukuwadziwa anadulidwa pokonzekera chisankho cha 1999, pamene madera anawonjezeka kufika 193. Boma la Blantyre linali ndi madera 13. Asanu ndi atatu anali a mumzinda: Kabula, Malabada, Bangwe, City Centre, City East, City South, City South East ndi City West. Malire amenewa anagwira ntchito pa zisankho zisanu, kuyambira 1999 mpaka 2019, osasinthidwa, pamene mzinda unkakula usana ndi usiku.

Mu 1999 dera la Kabula linatumiza Jan Jaap Sonke wa UDF, munthu wobadwira ku Netherlands amene anakhazikika m'dziko muno. Ine ndimaona zinthu ziwiri pamenepa. Choyamba n'chakuti tikiti ya UDF inali yamphamvu kwambiri mu Blantyre wa nthawi imeneyo. Chachiwiri, chimene chimandisangalatsa, n'chakuti anthu a m'tauni sanafunse kuti kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani. Mbayani ndi malo a Ayao, Alomwe, Amang'anja, Angoni, Asena, Atumbuka ndi ena ambiri okhala khomo ndi khomo, ndipo dera lotere silikhala ndi banja limodzi kapena mtundu umodzi woti n'kunena kuti mpandowu ndi wathu. A Sonke anakhala wachiwiri kwa nduna. Kenako kunabwera nkhani ya teremu yachitatu. Pa 4 Julayi 2002 bilu yofuna kuchotsa malire a materemu a mtsogoleri wa dziko inapeza mavoti 125 pamene pankafunika 128, ndipo inagwa. Akuluakulu a chipani atafuna kuyesanso, a Sonke anatsutsa poyera, ndipo udindo wawo m'boma unathera pomwepo. Choncho dera lanu lili ndi malo ake m'mbiri ya nkhondo yoteteza malamulo aakulu a dziko, ngakhale achinyamata ambiri a ku Chemusa lero sangalidziwe dzinali.

Kuchokera pamenepo UDF inayamba kung'aluka m'nyumba mwake momwe. Brown Mpinganjira anali atachoka kale n'kuyambitsa NDA. Pa chisankho cha 2004 chipanichi chinatsika kuchoka pa mipando 93 kufika pa 49, ndipo oima paokha anapambana mipando pafupifupi 40. Ambiri mwa iwo anali a UDF omwewo amene anakanizidwa kapena kuponderezedwa pa zisankho zachipulula. Bingu wa Mutharika anapambana pa tikiti ya UDF, koma zotsatira zitalengezedwa m'makomboni ena a Blantyre munabuka zipolowe za otsatira Gwanda Chakuamba ndi Mgwirizano wake. Mzindawu sunalinso wa chipani chimodzi. Mu Febuluwale 2005 a Mutharika anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, ndipo aphungu ambiri anawatsatira osabwerera kwa amene anawavotera. Zaka zinayi zotsatira Nyumba ya Malamulo inathera nthawi yambiri pa mkangano wa gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, lija limati phungu akachoka m'chipani chimene anasankhidwira n'kulowa china mpando wake ukhale wopanda munthu. Khoti la Supreme linanena mu 2007 kuti gawoli ndi lovomerezeka, koma aphungu osamukawo anakhalabe mpaka teremu inatha. Wovota wa ku Mbayani anaphunzirapo kanthu: mtundu wa nsalu umene munthu wavala pa kampeni sumumanga akafika ku Lilongwe. Ndiye n'kuvoteranji nsalu?

Chisankho chanu choyamba, cha pa 19 Meyi 2009, ndi chimene chimayankha funso lanu momveka bwino. Chaka chimenecho Bingu wa Mutharika anapeza pafupifupi mavoti awiri mwa atatu aliwonse m'dziko lonse, ndipo DPP inatenga mipando yoposa 110. Blantyre anavotera a Mutharika mwaunyinji. Koma ku Kabula mpando wa phungu unapita kwa Felix Njawala, woima payekha. Anthu omwewo, tsiku lomwelo, pa sukulu zomwezo. Mu 2014, pa chisankho choyamba chapatatu, mpando unapita kwa Rashid Gaffar, amene anali wa DPP m'Nyumba ya Malamulo, ndipo chaka chimenecho oima paokha anapambana mipando 52 m'dziko lonse, kuposa chipani chilichonse. Mu 2019 analowa Gertrude Nankhumwa, nayenso wa DPP. A Gaffar anadzakhala nduna ya zamigodi mu 2020 m'boma la Lazarus Chakwera, zimene zikusonyezanso mmene andale athu amayendera. Zisankho zitatu, aphungu atatu, pamene voti ya mtsogoleri wa dziko mu Blantyre inakhalabe kwa DPP mu 2009, 2014, 2019, pa chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni 2020, mpaka 2025.

Onani bwino zimene zinachitika pakati pa 2014 ndi 2019: chipani chinakhala chomwecho, munthu ndiye anasintha. M'dera limene chipani chimodzi chili ndi mphamvu, mpikisano weniweni umayambira ku chipulula, kumene ovota si anthu onse koma nthumwi za m'makomiti a chipani, nthawi zambiri poima pamzere kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. Amene amasunga mndandanda wa makomitiwo ali ndi mphamvu zoposa za anthu zikwizikwi a ku Chirimba. Wogonja akaona kuti zamuipira amaima payekha, n'kumauza anthu kuti pa pulezidenti voterani chipani chathu chomwechi koma pa phungu voterani ine. Mawu amenewa mwawamvapo pa misonkhano, ndipo ndi amene aphunzitsa anthu kugawa voti mwaluso.

Madera oyandikana nawo ali ndi mbiri yofanana. Ku City South kunali Moses Kunkuyu mu 2009, Allan Ngumuya mu 2014, Noel Lipipa mu 2019. Ku City East John Bande anagwa mu 2014, mpando n'kupita kwa Noel Masangwi, koma a Bande anabwereranso mu 2019. Ku Malabada Aaron Sangala anakhalitsako kuyambira 2004, ndipo anthu oterewa ndi ochepa mumzinda uno. M'dziko lonse, mu 2009 ndi mu 2014, aphungu oposa theka sanabwerere.

Tsopano chifukwa chake. Choyamba ndi kuchuluka kwa anthu, ndipo pamenepa ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa anthu ambiri sapaganizira. Kalembera wa 1998 anapeza anthu pafupifupi 500,000 mumzinda wa Blantyre. Wa 2018 anapeza pafupifupi 800,000. Madera anali asanu ndi atatu omwe aja. Ndiye kuti phungu mmodzi wa mumzinda ankaimira anthu pafupifupi 100,000, pamene wa ku Likoma ankaimira anthu osakwana 15,000. Onse awiri voti yawo m'Nyumba ya Malamulo inali imodzi, ndipo ndalama za thumba la chitukuko cha m'dera, la CDF, ankalandira zofanana. Ndalama zimene kumudzi zingamange mlatho woti aliyense auone, ku Mbayani zimathera pa ngalande imodzi imene anthu a tsidya lina la msika sadzaidziwa n'komwe. Gawo 76 la malamulo aakulu limafuna kuti madera akhale ndi ovota ofanana momwe kungathekere, poganiziranso kuthithikana kwa anthu, mayendedwe ndi malire a maboma. Kwa zaka zoposa 20 anthu a m'mizinda anali ndi voti yopepuka poyerekeza ndi anzawo a madera ang'onoang'ono, ndipo ine ndimakutcha kumeneku kupanda chilungamo, ngakhale panalibe amene anaba bokosi.

Chachiwiri ndi makhansala. Tinawasankha mu Novembala 2000, teremu yawo inatha mu 2005, ndipo sitinasankhenso ena mpaka 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi phungu anali yekhayo wosankhidwa amene munthu wa ku Chemusa akanamulozera chala. Zinyalala zikaunjikana pamsika, ngalande ikatsekeka, msewu wa m'komboni ukakumbika ndi mvula, kiyosiki ya madzi ikauma, zonse zinkapita kwa phungu, pamene zambiri mwa zimenezi ndi ntchito za khonsolo ya mzinda ndi mabungwe ena a boma. M'zaka zomwezo, mu 2006, ndi pamene CDF inayamba, ndipo mu 2010 lamulo la maboma ang'onoang'ono linasinthidwa kuti aphungu azivota nawo m'makhonsolo. Aphungu enieniwo ndi amene anaivala ntchito ya chitukuko, chifukwa imakoma pa kampeni. Palibe amene amaimbiridwa nyimbo chifukwa anawerenga bilu ya misonkho mosamala. Koma ukalonjeza msewu wa tala umene bajeti yake suli nayo, pakatha zaka zisanu anthu amabwera ndi lonjezo lija m'manja. Mu 2025 khoti lalikulu linagamula kuti aphungu kuyendetsa nawo CDF ndi kuvota m'makhonsolo n'kosemphana ndi malamulo aakulu, chifukwa amene ntchito yake ndi kulondoloza ndalama za boma sangakhalenso wozigwiritsa ntchito. Chigamulo chimenechi ndimagwirizana nacho ndi mtima wonse.

Pali ndi katundu wina amene malamulo samutchula: maliro. Bokosi, galimoto yonyamula thupi kupita ku Thyolo kapena ku Mulanje, ufa wa pa siwa, fizi ya mwana wa masiye, mpira wa bonanza. Kumudzi maliro ndi a mudzi wonse ndipo manda ali pafupi. M'tauni anthu ambiri amafuna kukaikidwa kwawo, ndipo mtengo wa ulendo umenewo umagwera aliyense amene akuoneka kuti ali nazo. M'dera la anthu 100,000 palibe thumba la munthu mmodzi limene lingakwanitse. Ena amazimitsa foni, ena amasamukira ku Lilongwe, ndipo mawu oti "sitimuona" amayamba kuyenda m'maminibasi. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pofuna kukopa ovota, koma chizolowezi chimene andale ndi ovota anachimanga limodzi sichitha ndi lamulo lokha.

Musaiwalenso kuti dera lanu ndi la alendi. Munthu amene analandira thandizo kwa phungu mu 2015 mwina pofika 2019 anali atasamukira ku Machinjiri, ndipo m'nyumba muja munalowa mnyamata wochokera ku Phalombe amene phunguyo sakumudziwa. Onjezanipo achinyamata amene amakwanitsa zaka 18 pakati pa zisankho ziwiri. Phungu wa m'tauni amayamba pafupifupi pachiyambi nthawi iliyonse.

Malamulo a chisankho nawo amathandizira. Phungu amapambana ndi mavoti ochuluka kuposa mnzake aliyense, ngakhale asafike theka. Lamulo loti wopambana apose theka la mavoti, limene linatsimikizika ndi chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020, ndi la mtsogoleri wa dziko yekha. Tiyerekeze kuti opikisana alipo khumi, monga zimakhalira m'madera a m'tauni: munthu atha kulowa ndi mavoti atatu mwa khumi aliwonse. Ndiye kuti tsiku limene akulumbira, anthu asanu ndi awiri mwa khumi sanamufune. Sipafunika kuti anthu ambiri asinthe maganizo kuti agwe, pamangofunika kuti otsutsana naye achepe kapena agwirizane pa munthu mmodzi. Komanso gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu teremu isanathe, aphungu analichotsa mu 1995. Kuyambira pamenepo madandaulo onse amasungidwa mpaka tsiku la voti. Aphungu a 2019 anakhala zaka zoposa zisanu ndi chimodzi, chifukwa chisankho chawo chinasunthidwa kuti chigwirizane ndi cha mtsogoleri wa dziko.

Mwafunsa kuti vuto ndi ndani. Ine ndikuti ovota a ku Kabula sanalakwe pochotsa anthu amene sanawakhutiritse, ndipo dera lotere ndimalilemekeza kuposa lija limene mpando umakhala ngati chuma cha banja. Koma muyezo umene timagwiritsa ntchito ndi wopotoka, ndipo umatipweteka tokha. Ntchito za phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza ndi kulondoloza bajeti, ndi kulankhulira anthu ake. Phungu watsopano amatha zaka ziwiri akuphunzira mmene nyumbayo ndi makomiti ake amayendera, ndipo akayamba kudziwa pogwira nduna, nthawi ya kampeni yakwana. Tikamuchotsa chifukwa sanagule mabokosi okwanira, wobwerayo amaphunzira kuti chofunika ndi mabokosi. Mavuto aakulu a Mbayani, monga malo okhala opanda mapepala, nyumba zomangidwa m'mphepete mwa mitsinje ndi m'mapiri zimene namondwe wa Freddy anationetsa kuopsa kwake mu Malichi 2023, madzi ndi zimbudzi zimene kolera amalowerapo, amafuna malamulo ndi ndalama za boma lalikulu. Amafuna phungu wodziwa kuumiriza unduna, chaka ndi chaka, pa nkhani imodzi yomweyo.

Za kutha kwa dzina la dera lanu, bungwe loyendetsa zisankho la MEC linaunikanso malire mu 2021 ndi 2022, ndipo Nyumba ya Malamulo inavomereza madera 229, amene anagwira ntchito koyamba pa 16 Sepitembala 2025. Mizinda inapatsidwa madera owonjezera, ndipo mu Blantyre mayina akale a kummawa, kumadzulo ndi kummwera analowedwa m'malo ndi mayina a malo enieni, monga Ndirande-Malabada-Nyambadwe, Soche-Zingwangwa ndi Chigumula-BCA-Club Banana. Mbayani ali m'dzina la dera lakelake pamodzi ndi Mussa ndi Magasa, pamene dzina la Kabula likupezeka m'dera la Chilomoni-Kabula-Nancholi. Mayinawa ndi aatali, koma munthu akawamva amadziwa kumene ali, zimene City South East sinkachita.

Chenjezo langa ndi lakuti musayerekeze zotsatira za 2025 ndi za 2019 ngati kuti dera ndi lomwelo. Wina akakuuzani kuti chipani chakuti chatsika kapena chakwera ku Kabula, mufunseni kuti akunena Kabula uti. Njira yokhayo yoona ngati anthu a kwanuko asintha ndi kutsika pa malo oponyera voti, chifukwa sukulu imene munavoterapo mu 2009 sinasamuke ngakhale malire anasuntha. Zotsatira za pamalo aliwonse zimasainidwa ndi oyang'anira a zipani n'kumatidwa pomwepo usiku wa chisankho. Tengani za sukulu yanu, muike mavoti a mtsogoleri wa dziko pambali pa mavoti a phungu ndi a khansala. Kusiyana kwa manambala amenewo kudzakuuzani kuti ndi anthu angati a m'dera lanu amene anavotera chipani pamwamba koma munthu wina pansi, ndipo mukasunga mapepala amenewo mpaka 2030 mudzakhala ndi chiyambi cha mbiri ya dera latsopanoli.